Kamera ya thermal ikuchita chimbuuzi masana ndikakoka zoom

Wa pa mathanki:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kamera ya MWIR (yoona kutentha kwa zinthu kudzera mu kuwala kwa infrared) yoziziritsa detector (kachipangizo kojambula chithunzi), lenzi yake 15-300 mm f/4, imayang'anira mapaipi ndi mathanki. M'mawa chithunzi chimakhala mbee. Dzuwa likafika paliwombo, ndikakoka mpaka 300 mm zonse ndi chimbuuzi, ndipo pakati pamatuluka kadontho kakuda. NUC (kusalaza chithunzi kuti mbali zonse za detector ziziwerenga mofanana) ndapanga, osatheka. Lenzi yatha kodi?

Mkulu wa ma lenzi:
Musafulumire kuitaya achimwene. Matenda ndi awiri pamenepa, musawaphatikize. Chimbuuzicho ndikukayikira germanium, imene amapangira magalasi ena a ma lenzi otere. Refractive index yake (muyeso wa mmene imapindira kuwala) ili cha pa 4, ndipo imasintha pafupifupi 0.0004 kutentha kukakwera digiri imodzi. Zimaoneka zochepa, koma pa f/4 fokasi ikangosuntha kagawo kakang'ono ka milimita basi chithunzi chapita, ndipo pa 300 mm m'pamene zimaonekera kwambiri. N'chifukwa chake ma lenzi amenewa amakhala ndi sensa ya kutentha ndi tebulo louza mota kuti isunthe magalasi. Onani ngati sensayo ikuwerenga zoona.

Wa ma gimbal:
Ine ndikanayamba ndi back focus, mtunda wa pakati pa galasi lomaliza la lenzi ndi detector. Ikaphonyeka, fokasi imathawa mukamasintha zoom.

Mkulu wa ma lenzi:
Ikanakhala imeneyo bwenzi ikuvuta ndi m'mawa womwe, bambo. Iwo akuti m'mawa zili bwino.

Mayi wa ku labu:
Kadonthoko ndi narcissus. Detector yanu imazizira mpaka cha pa 77 K (pafupifupi -196 °C), ndiye ikapeza chinthu chathyathyathya kutsogolo imadziona yokha ngati pa kalilole, n'kujambula kuzizira kwake komwe. Bokosi lotetezera kamera likatentha masana kusiyanako kumakula, kadontho n'kuonekera. Funso langa: pa bokosi lotetezera munaika windo? Ngati ilipo ndipo yayang'anizana ndi lenzi ndendende, ipendeketseni madigiri ochepa kuti kunyezimirako kugwere pambali. Komanso NUC ya shata (chotsekera) yam'kati mwa kamera siona windoyo. Ikani chinthu chotentha mofanana paliponse kunja kwa windo, mupange NUC pa zoom imene mumagwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa kadonthoko kamasintha maonekedwe zoom ikasintha.

Wa pa mathanki:
Mwalasa mayi. Windo ya sapphire ilipo, yoongoka bwinobwino. Tapendeketsa, kadontho kazimiririka. Za fokasi, sensa ndi yamoyo koma temperature compensation, njira ija ya tebulo yokonza fokasi kukatentha, ndaipeza yozimitsa mu menyu. Ndayatsa, lero masana 300 mm ikuonetsa mpaka ma valavu.

Mkulu wa ma lenzi:
Zakhala bwino. Muikenso chotchinga dzuwa pamwamba pa bokosi. Mbali imodzi ikatentha kuposa inzake, sensa imodzi singadziwe zimenezo, ndipo tebulo lija limanama.

Wa ma gimbal:
Poti mwakhudza windo, yang'ananinso boresight, ndiye kuti ngati pakati pa chithunzi pakulozabe malo amodzi. Lozani chinthu chakutali pa 300 mm, mubwerere pa 15 mm, muone ngati chikukhalabe pakati.

Wa pa mathanki:
Ndiyesa mawa kukatentha, ndidzaponya zithunzi pano.