"Will it play in Peoria?" Abale mwambi umenewu ukutanthauza chani?

Wofunsa:
Abale amene mwakhalitsa ku America kapena mumatsatira ndale zakumeneko tandithandizeni. Pali mawu ena amene akuluakulu akumeneko amakonda kunena akamakambirana za kampeni kapena katundu watsopano, amati "Will it play in Peoria?" ndiye ine ndikuona kuti ndi mwambi ndithu chifukwa sakhala akukamba za mpira ayi. Peoria ndi munthu kapena malo? Nanga amatchula bwanji, Peyoriya kapena Piyoriya? Mnzanga wina wa ku Joni akuti mwina amanena Pretoria koma ine sindikugwirizana naye. Komanso ndikufuna ndidziwe ngati ndi mawu onyoza, ndisadzawanene pagulu anthu n'kukhumudwa nane.

Achemwali a ku Chicago:
Achimwene Pretoria ayi, mnzanuyo mumuuze. Peoria ndi mzinda wa ku Illinois konkuno, uli m'mbali mwa mtsinje wa Illinois, kuchokera ku Chicago pagalimoto ndi maola osakwana atatu kulowera chakumwera. Si mzinda waukulu, kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 113,000. Katchulidwe kake ndi pi-O-ri-ya, mawu mumakweza pa O paja, ndipo poyambira ndi "pi" osati "pe". Illinois nayenso s wakumapetoyo satchulidwa, amati Ilinoi basi. Amene munaonapo mathirakitala achikasu a Caterpillar akukonza misewu kwathu, kampani imeneyo likulu lake linakhala ku Peoria zaka zambirimbiri mpaka analengeza zosamuka mu 2017, ndipo mafakitale ake ena akadali kuderalo.

Aphunzitsi opuma:
Ndionjezerepo za mwambiwo mwana wanga. Kale kusanabwere TV kunali magulu a zisudzo oyendayenda, amawatcha vaudeville, oyimba, ovina, anthabwala onse pamodzi, amakwera sitima tauni ndi tauni. Ndiye "play" apa ndi kuonetsa sewero pasiteji. Anthu a ku Peoria ankatengedwa kuti ndi anthu wamba enieni, alimi, ogwira ntchito m'mafakitale, opita kutchalitchi Lamulungu, osatengeka ndi zamakono za ku New York komanso osati akumudzi kwenikweni, ndiye sewero likawasangalatsa iwowo ankati basi lidzayenda paliponse m'dzikomo. Zili ngati mayi kulawa supuni imodzi kuti adziwe ngati mchere wakwana mumphika wonse. Kenako amakampani anatengera, amayamba agulitsa katundu watsopano ku Peoria kuti aone ngati anthu amukonde, ndipo andale nawo anaulowetsa m'kamwa makamaka nthawi ya pulezidenti Nixon, mlangizi wake John Ehrlichman ndi amene amadziwika kuti anautchukitsa. Tanthauzo lake lero ndi lakuti kodi munthu wamba achilandira chimenechi?

Wofunsa:
Zikomo aphunzitsi, zamveka bwino. Koma ndiye si kunyoza kumeneko? Ngati akuti anthu a ku Peoria ndi osachangamuka?

Achemwali a ku Chicago:
Zimatengera wonenayo ndi nkhope yake achimwene. Munthu wa mumzinda waukulu akhoza kunena mopeputsa, ngati akuti aaa izi zawakulira amenewo, koma ambiri amanena moona mtima pofunsa ngati maganizo awo afike pansi kwa anthu. Eni ake a ku Peoria ambiri amanyadira, amati dziko lonse limadikira chigamulo chathu. Inu mukanena pamsonkhano palibe angakwiye, kungoti achinyamata ena sangaumve, ndi mwambi wa achikulire. Chonyoza chenicheni ndi "Podunk", amenewo ndiye amanena kamudzi kopanda pake, musauze munthu kuti kwawo ndi Podunk.

Aphunzitsi opuma:
Ine chimene chimandikhudza ndi dzinalo. Peoria si Chingerezi, ndi dzina la mtundu wa anthu, eni nthaka amene azungu anawapeza kumeneko, amodzi mwa gulu la mitundu imene inkatchedwa Illinois. Afalansa ndi amene anayamba kufika, La Salle anamanga linga la Crèvecoeur pafupi pomwepo mu 1680, ndipo dzina la mtunduwo linalowa m'mabuku kudzera m'kalembedwe ka Afalansawo. Anthuwo anawasamutsa, mu 1832 anasiya malo awo omaliza n'kupita ku Kansas, ndipo pangano la 1867 linawakankhiranso ku dera limene lero ndi Oklahoma. Mpaka pano alipo, Peoria Tribe, likulu lawo lili m'tauni ya Miami ku Oklahoma, osati Miami wa ku Florida uja ayi, wa ku Oklahoma ameneyu eni ake amamutchula Mayama. Ndiye taganizani, dzina limene America analisankha kuti liimire munthu wamba wa dzikolo ndi la anthu amene anachotsedwa pamalopo, zimandiwawa ndithu ndipo ndimafuna aliyense wonena mwambiwu azidziwa zimenezi. Podunk amene achemwali atchula nayenso ndi dzina la mtundu wina wa eni nthaka wa ku Connecticut.

Achemwali a ku Chicago:
Zoona aphunzitsi. China achimwene, ku Arizona kulinso Peoria wina pafupi ndi Phoenix, anamuyambitsa ndi anthu ochokera ku Peoria wa ku Illinois ndipo pano wamuposa mnzake kuchuluka kwa anthu, koma mwambiwu umanena wa ku Illinois.

Wofunsa:
Nanga ndikafuna kuyankha kuti inde anthu achilandira, ndingonena kuti "It will play in Peoria" basi, kapena pali kanenedwe kena?