Ndalama za ku nyanja: ndimukumbutse mnzangayu kapena ndingozisiya?

Admin ndibiseni dzina chonde, chifukwa eni nkhaniyi ali m'gulu momwe muno.

Ndine mtsikana wa zaka 27. Kwathu ndi ku Chilomoni koma ntchito inandipezera kuno ku Lilongwe, ndimawerengera ndalama pa kakampani kena ndipo ndikuchita lendi ku Area 25. Anthu akamva kuti uli pa ntchito ku Lilongwe amangoti basi zako zinayera. Malipiro anga amalowa pa 27, ikamafika pa 5 amakhala atatha. Lendi, mayunitsi a magetsi, minibasi ya tsiku ndi tsiku, mankhwala a BP a mayi, fizi ya mlongo wanga wa Folomu 3. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, malipirowo anangosuntha pang'ono pomwe shuga ndi mafuta ophikira zinathamanga kutisiya.

Tilipo atsikana anayi amene tinadziwana ku sekondale, awiri tili kuno, awiri ali ku Blantyre. Chaka chatha tinagwirizana kuti tikapumeko ku Cape Maclear pa holide ya Tsiku la Amayi mu October. Poti ndine wa maakaunti, udindo wosunga ndalama unagwera ine. Tinawerengera loji ya masiku awiri, chakudya, boti ndi galimoto, aliyense zinamukwana K180,000. Awiri anatumiza pa Airtel Money mwezi usanathe. Wachitatu, amene ndingomutchula kuti Achemwali chifukwa ndi mmene timaitanirana, anatumiza K15,000 yokha n'kunena kuti, "Yotsalayo ndikupatsa pamanja tikakumana, ndikudikira anthu andilipire za mabelo." Amagulitsa kaunjika ku Limbe. Sindinakayike, ndinamuikira dipoziti ya loji kuchokera m'thumba mwanga.

Ulendowo unali wokoma, izi sindinama. Ife a kuno tinachita hayala Sienta, tinakhotera pa Masasa titadutsa Dedza, n'kutsika Khwekhwerere mpaka Golomoti, mnzanga atatsinzina njira yonse chifukwa amaopa maphompho. A ku Blantyre anadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, tinakawatenga pa mphambano ya ku Monkey Bay. M'mawa mwake anyamata a ku Chembe anatitengera pa boti ku chilumba cha Thumbi. Tinaponya nyenyeswa za buledi m'madzi, timbuna tabuluu n'kumatizungulira m'miyendo, ndipo mnyamata wa botiyo anaimba mluzu n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha pamaso pathu. Masana anatiwotchera kampango pamiyala pomwepo. Achemwali anaseka mpaka misozi tsiku limenelo, ndipo ine ndinali ndisanamuonepo akuseka choncho chimwalirireni bambo ake.

Tsiku lonyamuka anabweretsa bilu ya zakumwa ndi nsomba zomwe tinawonjezera. Aliyense anayamba kupisa m'chikwama. Achemwali anatulutsa foni, n'kumaidina, kuikweza m'mwamba, kuyenda nayo mpaka pa mchenga, n'kubwerera akuti netiweki ikuvuta. Yanga inali ndi netiweki yodzadza, ndipo tili pa kampani imodzi. Woperekera zakudya uja anangoima chogwira kambale ka bilu, maso ali pa ine. Ndinalipira. Pamodzi ndi zakale zija zinakwana K190,000, ndipo ina mwa ndalamayo inali ya lendi. Ndinakabwereka ku banki nkhonde ya kuntchito kuti alandilodi asandiyambe, ndabweza ndi chiwongoladzanja miyezi itatu.

Kuyambira pamenepo sanaitchulepo nkhaniyi. Ndinamufunsa kamodzi mu January, anayankha kuti "ndikudziwa mwali, usadandaule," n'kuika kamtima. Mu April ndinangoona pa status wagula foni yatsopano.

Mwina mukuti nkhaniyi njosavuta, koma pali china. Mu 2021 nditamaliza sukulu ndinakhala chaka chathunthu osapeza ntchito, ndipo kunyumba kunali mavuto amene sindingawalembe pano. Amene ananditola ndi Achemwali yemweyu. Ndinagona m'kachipinda kake ku Ndirande miyezi inayi, matiresi amodzi, bulangeti limodzi mu June muja Blantyre ikamazizira ndi chiperoni. Sanandiuzepo kuti ndigule ngakhale sopo. Siketi imene ndinavala pa intavyu ya ntchito ndikugwirayi anaisankha yekha mu belo lake, n'kuisita ndi simbi ya makala. Ya basi yobwerera kuno anandipatsanso ndi iyeyo.

Pano akukwatiwa mu December ndipo wandiika pa operekeza mkwatibwi. Diresi, nsapato, tsitsi, bridal shower, perekaniperekani, kuphatikiza maulendo a ku Blantyre a mapulakatisi ovina, zonsezo n'zodzilipirira. Mtima wanga sukundilola kutulutsanso ndalama ina pomwe yakale sanaitchule n'komwe. Komanso ndikaganiza za matiresi aja ndimadziona ngati munthu wosayamika. Ndimukumbutse ukwati usanachitike, ndidikire udutse, kapena ndingowerengera kuti ndabweza za ku Ndirande? Ndithandizeni maganizo, koma osanditukwana.

Ndemanga

Bambo wina wa ku Kasungu: Miyezi inayi kudya, kugona, kusamba ulele. Inu a maakaunti, tawerengerani lendi ya chipinda ku Ndirande kuchulukitsa kanayi, muwonjezere ufa ndi ndiwo, mutiuze amene ali ndi ngongole ndi ndani.

Wolemba funso: Achimwene, ndinawerengera kale, n'chifukwa chake ndabwera pano. Akanandiuza kuti "mwali ndilibe, ndilipirire," ndikanalipira ndi mtima umodzi. Chikundiwawa ndi kukweza foni m'mwamba kuja.

Mayi wina wa ku Zomba: Mwanangu, ndakumva bwino. Pali zinthu ziwiri zimene ukuziphatikiza. Za ku Ndirande anakuchitira ngati m'bale, sanakukongoze, ndipo ukamazisandutsa ngongole ukuchepetsa zimene anakuchitirazo. Za ku nyanja ananena ndi pakamwa pake kuti abweza. Ndiye usangokhala chete n'kumati tafanana, chifukwa iyeyo sakudziwa kuti mwafanana, ndipo iwe udzavina pa ukwati wake nkhope ili gwa. Koma usamulembere pa WhatsApp. Ukapita ku pulakatisi yoyamba mutengere pambali, mugule chipisi mukhale pansi awiriwiri. Uyambe ndi kumufunsa mmene geni ikuyendera. A kaunjika ambiri avutika zaka zino, belo linakwera mtengo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo ukhoza kutsegula belo n'kupeza theka ndi zosagulitsika. Mwina manyazi ndi amene amutseka pakamwa.

Mtsikana wina wa ku Mzuzu: Manyazi ake ati pomwe wagula foni? Ine zinandichitikira ku Nkhata Bay, mpaka lero mnzangayo akandiona m'sitolo amakhotera ku mashelefu a sopo.

Mnyamata wina wa ku Bangwe: Foniyo mwina anagula ndi alamu athu akudzawo, inu simukudziwa. Komanso masiku ano mafoni akutengedwa pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, ukaphonya tsiku amaitseka. Status isamakupwetekeni mutu asisi, tonse pa status ndife mabwana.

Mlongo wina wa ku Johannesburg: Ife kuno tinaphunzira mowawa. Ulendo uliwonse, kaya wa ku Durban kaya wobwera kumudzi pa Khirisimasi, timayamba chipereganyu miyezi isanu usanafike, ndipo tsiku lotseka likakwana amene sanamalize timamubwezera zake, atsale. Palibe kuikirana. Msungichuma akangoyamba kuikira anthu ndiye kuti ulendo wotsatira aliyense adzabwera ndi nkhani. Za ukwatizo muuzeni zoona, kuti thumba silikulola kuvina nawo koma mudzabwera ngati mlendo ndi kamphatso kanu. Si mlandu.

Wolemba funso: Kukana kuperekeza ndiye kungamupweteke kwambiri kuposa kumufunsa ndalamayo. Alibe mchemwali wobadwa naye, ndipo mayi ake amanditchula kuti mwana wawo. Ndikapita kwawo amandipatsira nkhwani wotendera m'kontena kuti ndizidzadya ku Lilongwe.

Bambo wina wa ku Kasungu: Ndiye mwadziyankha nokha. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Iye anazima zanu.

Mayi wina wa ku Zomba: Bambo inu, kuzimirana ndevu n'kwabwino, koma sikuti wina azinamiza mnzake za netiweki. Mwanayu anakabwereka ku banki nkhonde. Mnzakeyo akudziwa zimenezo?

Wolemba funso: Sakudziwa mayi. Sindinamuuzepo. Anzathu awiri aja nawonso sakudziwa kuti sanamalize kulipira, ndinabisa kuti asamuseke.

Mayi wina wa ku Zomba: Eya, pamenepo ndi pamene pali nkhani. Iye akuona ngati mnzake wa ku Lilongwe ndalamayo sakuimva kuwawa. Umuuze zimenezo basi, kuti unalowa ngongole chifukwa cha iye, osatchula foni, osatchula Ndirande. Ukatero umuuze kuti azibweza pang'onopang'ono ukwati ukadutsa, ngakhale K20,000 pa mwezi.

Mnyamata wina wa ku Area 36: Ine funso langa ndi lina. Sienta ya hayala mpaka ku Cape munalipira zingati, ndipo mafuta anali anu kapena a dalaivala? Tikufuna tipite pa Isitala.

Wolemba funso: Achimwene mitengo ya chaka chatha musaidalire, yasintha kangapo. Mafuta anali athu, ndipo muzithiriratu kuno musananyamuke. Mutengenso ndalama ya pamanja yolowera m'paki ndi ya boti.

Zowonjezera kuchokera kwa wolemba funso

Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, ngakhale za amene mwanditcha wouma mtima. Ndinaganiza zotsatira malangizo a mayi a ku Zomba, ndipo tikiti ya basi ya Loweruka ndagula kale. Koma madzulo ano ndili mu minibasi pa Kanengo foni inalira, kuyang'ana ndi uthenga wa Airtel Money, K40,000 kuchokera kwa Achemwali. Palibe mawu alionse. Patadutsa mphindi ziwiri analemba pa WhatsApp kuti, "Mwali, telala akufuna miyezo yako pofika Lachisanu."

Ndiye kuti positi iyi waiona. Chilomoni, Thumbi ndi siketi ija, sakanalephera kudzizindikira, ndipo za banki nkhonde zija wazimvera pagulu la anthu masauzande m'malo mozimva kwa ine. Sindinamuyankhebe. Mayi a ku Zomba, ngati mudakali maso, ndimuimbire usiku uno kapena ndingotumiza miyezoyo tikaonane Loweruka?