Ophunzira olankhula Chijeremani: katchulidwe ka Chingerezi ndikayambire pati?

Mayi Tembo, Chilenje

Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi ophunzira atatu akuluakulu, awiri a ku Germany ndi mmodzi wa ku Austria, amene adzagwira ntchito muno mu Lusaka kwa chaka chimodzi. Galamala amaidziwa, kulembanso amalemba bwino. Vuto lili pakamwa. Akati anene "think" kumatuluka "sink", "west" amati "vest", ndipo "bag" ndi "back" kwa iwo n'chimodzimodzi. Anzawo kuntchito amangowauza kuti abwereze. Tizikumana maola awiri pa mlungu kwa milungu 10. Kodi ndiyambe ndi th, poti ndiye amene amamveka msanga m'khutu?

Bambo Phiri, Kabwata

Mayi Tembo, th mumusiye kaye pambali. Amalasa m'khutu, inde, koma kawirikawiri sasokeretsa munthu. Wina akati "I sink so", palibe amene amathamangira kukamuvuula m'madzi. Ngakhale katswiri wa zinenero Jennifer Jenkins, pa kafukufuku wake wa mu 2000 wa anthu a mitundu yosiyana olankhulana m'Chingerezi, anaika th m'gulu la zinthu zimene sizilepheretsa kumvana. Chimene chimawononga uthenga ndi kumapeto kwa mawu.

M'Chijeremani maliwu a b, d, g, v ndi z akafika kumapeto amauma n'kukhala p, t, k, f ndi s. Eni ake amati Auslautverhärtung. "Hund", galu, amamutchula ndi t kumapeto. "Rad", gudumu, ndi "Rat", malangizo, m'khutu ndi mawu amodzi. Ophunzira anu anayamwira zimenezi, ndipo sadziwa n'komwe kuti akuzichita. Akazibweretsa m'Chingerezi, "prize" amasanduka "price", "eyes" amasanduka "ice", "leave" amasanduka "leaf". Choipa kwambiri ndi "send" ndi "sent", "spend" ndi "spent", "build" ndi "built": pamenepo nthawi ya mneni imasintha, ndiye womvera sadziwa ngati ndalama zatumizidwa kale kapena ayi.

Musawauze kuti atchule d kapena g mwamphamvu. Mukatero adzaika kavawelo kumapeto, muzimva "baga", "senda". Eni Chingerezi nawonso d womalizayo samugogomeza. Kusiyana kwenikweni kuli pa vawelo imene ili patsogolo pake: mu "bead" imatalika, mu "beat" imadulidwa msanga. Ndiye phunzitsani kutalika kwa vawelo, osati konsonanti.

Aliyense mumupatse labala womangira ndalama uja. Ponena "bag" aukoke pang'onopang'ono mpaka manja atalikirane, ponena "back" angoukoka kamodzi n'kuusiya. Yambani ndi kumva, kulankhula kubwere pambuyo: inu tchulani mawu amodzi mwa awiriwo, iwo aloze pa pepala amene amva. Asanafike pokhoza 8 mwa 10, musawakakamize kutchula, chifukwa chimene khutu silinasiyanitse pakamwa sipangachipange.

Njira ina ichokera m'chinenero chawo chomwe. Auzeni anene "Hund", kenako "Hunde", agalu. Adzamva okha kuti d wabwerera chifukwa watsatiridwa ndi vawelo. Ndiye apatseni "send it", "leave it", "bag of rice", koma pa bolodi muwalembe molumikiza: "sen dit", "lea vit", "ba gof". Apa chenjerani. Mjeremani amatseka kholingo pang'ono asanayambe mawu oyamba ndi vawelo, n'chifukwa chake Chingerezi chake chimamveka chodukaduka ngati akudula nkhuni. Akatseka kholingo pakati pa "send" ndi "it", d amauma pomwepo. Kulumikiza mawu ndi kufewetsa mathero ndi phunziro limodzi, musazipatule.

Anabanda, Woodlands

A Phiri anena zoona. Ine ndiwonjezepo kuti chida chachikulu muli nacho kale, ndi Chinyanja chimene akuchimva tsiku ndi tsiku pamsika ndi m'minibasi.

Lembo la w m'Chijeremani limatchulidwa v, ndipo liwu lathu la w kwawo kulibe. Musayambe ndi "west" ndi "vest", poti mawu amenewo anawazolowera kale molakwa. Apatseni "kuvala" ndi "kuwala", "kuvina" ndi "kuwina". Ndi mawu achilendo kwa iwo, alibe chizolowezi choti achotse, ndipo mwina "bwino" ndi "bwanji" amanena kale ndi w weniweni osadziwa. Agwire kagalasi kapena kamera ya foni: pa v mano akumwamba amakhudza mlomo wapansi, pa w mano saoneka, milomo imazungulira ngati akuuzira moto. Amene zikumukanika ayambe ndi u wautali, "u-est", "u-ain", kenako afulumize. Mukatero pitani ku "wet" ndi "vet", "wine" ndi "vine", "worse" ndi "verse".

Dziwiranitu kuti akangogwira w adzamuika paliponse. Muzidzamva "wery", "willage", "wisa". Musadandaule, chimenecho ndi chizindikiro choti liwu lalowa, latsala n'kudziwa malo ake. Zimachitika chifukwa v wawo nthawi zambiri ndi f, monga mu "Vater", ndiye sakhulupirira kuti lembo la v m'Chingerezi ndi v wamba. Auzeni mosapita m'mbali kuti v wa Chingerezi ndi w wa kwawo. Ambiri amatsegukira pomwepo.

Chimodzimodzi ndi ng. Iwo mu "Finger" satchula g, ndipo mawuwa amalembedwa mofanana m'zinenero zonse ziwiri. Ife tili ndi "ng'ombe" ndi "ngozi". Pa bolodi lembani mizere iwiri: pansi pa ng'ombe muike "singer", "ringing", "hanger"; pansi pa ngozi muike "finger", "longer", "hungry", "England". Mphindi 10 zakwana.

Wa ku Austria uja mumumvetsere payekha. A kumpoto kwa Germany s woyamba patsogolo pa vawelo amamutchula z, moti "sea" angatuluke "zee", Lusaka n'kukhala "Luzaka". A ku Austria ndi kummwera kwa Germany n'zosemphana: z amawavuta, "zoo" amamveka "Sue". Ndipo onsewo lembo la z amaliwerenga ts, ndiye poyamba mungamve "tsikomo". Aike zala pakholingo, akoke "sss" kenako "zzz" mpaka amve kunjenjemera. Zala zomwezo zigwiranso ntchito pa "joke" ndi "choke", "jeep" ndi "cheap".

Bambo Mwale, Kalundu

Pepani akuluakulu, ndinene chimene ambirife sitikonda kumva. Mphunzitsi wolankhula Chinyanja naye ali ndi zake, ndipo pena zimagundana ndi za wophunzira.

Kwa ife th ndi wa "thupi" ndi "thumba", t wotuluka ndi mpweya. Ambiri muno timati "tink" ndi "dis". Wophunzira akamati "sink" inu n'kumamukonza ndi "tink", mwangomusamutsa kuchoka m'dzenje lina kulowa lina. Mawu athu onse amathera pa vawelo, ndiye pophunzitsa mathero aja anena a Phiri dzitchereni khutu, mungamanene "bagi". Za l ndi r ndiye sindinena, mukudziwa nokha. Mankhwala ake ndi osavuta: musanalowe m'kalasi mverani mawu a tsikulo mu dikishonale ya pa intaneti ya Cambridge, imene imatchula mwa ku Britain ndi mwa ku America, ndipo pa maliwu amene mukudzikayikira muziseweretsa foniyo m'malo mwa pakamwa panu. Palibe chamanyazi.

Pa mavawelo pokha m'pamene chilema chathu chimasanduka mwayi. Mjeremani "bad" amamutchula "bed", "man" amati "men". Ngakhale foni yam'manja kwawo amaitcha "Handy" koma potchula amati "hendi". Ife timakokera ku a. Kwa munthu wogwira ntchito mu Lusaka, a wathuyo amamveka bwino kuposa e wake. Atsitse chibwano mpaka zala ziwiri zilowe pakati pa mano ponena "bad", chala chimodzi ponena "bed".

Koma th sindikuvomereza kuti mumutaye milungu yonse. Ophunzira eni ake amadziwa kuti ndi pamene anthu amawasekera, ndipo mukamuzemba adzaona ngati simukuwathandiza. Mupatseni mphindi 5 pa phunziro lililonse. Nsonga ya lilime ituluke pang'ono pakati pa mano, chala chiime patsogolo pa milomo. Chala chikapanda kunyowa, lilime silinatuluke. Sankhani mawu amene amawafuna tsiku lililonse: "thank you", "three", "Thursday", "month", "thirty".

Mayi Tembo, Chilenje

Zikomo kwambiri nonse, za kuvala ndi kuwala ndiyamba nazo Lolemba. A Mwale, mwandigwira pa "tink", ndavomera. Nanga r wawo wa kukhosi uja ndimuchite bwanji? Komanso pali mawu ena amene maliwu onse amatchula bwino, koma amamvekabe achilendo.

Bambo Phiri, Kabwata

R musiyeni, mayi. Wa kukhosi uja amamveka kuti ndi r, sasanduka lembo lina, ndipo kumusintha kumadya nthawi imene mulibe.

Mawu omveka achilendowo, mosakayika vuto ndi pogogomeza. Mawu ambiri amafanana m'zinenero ziwirizi koma kulemera kwake kumagwera posiyana. Iwo amati pro-BLEM, stu-DENT, mo-MENT, mu-SIK, kugogomeza kumapeto, pomwe Chingerezi chimati PROB-lem, STU-dent, MO-ment, MU-sic. Mawu othera ndi "-tion" iwo amalemetsa phatikizo lomaliza, Chingerezi chimalemetsa loyandikana nalo. Asonkhanitse mawu 20 a kuntchito kwawo, aike kadontho pamwamba pa phatikizo lolemera, aziomba m'manja potchula. Pomwepo muikepo "thirteen" ndi "thirty", "fifteen" ndi "fifty", poti apa m'pamene amakangana ndi oyendetsa takisi. Muwauzenso kuti k wa "knee" ndi "knife" ndi p wa "psychology" satchulidwa, pakuti kwawo mu "Knie" ndi "Psychologie" amatchulidwa.

Milungu yanu ndingaigawe chonchi: itatu yoyamba mathero a mawu ndi kulumikiza, iwiri w ndi v pamodzi ndi s ndi z, iwiri mavawelo, iwiri kugogomeza, womaliza kubwereza. Tsiku loyamba aliyense awerenge ndime ya mphindi imodzi muijambule pa foni, ndime yomweyo adzawerengenso pa mlungu wa 10. Kunyumba aziyeserera mphindi 10 tsiku lililonse n'kukutumizirani mawu pa WhatsApp; ola lathunthu kamodzi pa mlungu silisintha lilime.

Chimodzi chokha musachidikiritse: mayina a malembo. Lembo limene iwo amalitcha "i" ndi dzina la E m'Chingerezi, ndipo "e" wawo amamveka pafupi ndi A. Onjezani G ndi J, V ndi W. Tsiku loyamba lomwelo aliyense atchule malembo a dzina lake ndi a imelo yake, mnzake alembe atatembenukira kukhoma, kenako muyerekeze zimene zalembedwazo ndi pasipoti.