Kodi makompyuta ogula ku Lilongwe amalipira msonkho pa chipata cha malire cha Calómuè?

Mphunzitsi wa ku Ulónguè

Moni nonse, abale ndi alongo. Ndine mphunzitsi kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikusunga kangachepe kuti nditsegule chipinda chophunzitsiramo ana kompyuta akaweruka kusukulu. Ndikufuna malaputopu 10 ogwiritsidwapo kale ntchito, printa imodzi ndi router ya intaneti. Mlamu wanga wa ku Lilongwe wandipezera wogulitsa pa mtengo wabwino, ndipo akunenetsa kuti popeza Malawi ndi Mozambique onse ali mu SADC, katunduyo adzadutsa pa Calómuè osalipira kanthu. Mawu akewo akukoma kumva, koma mtima wanga sukukhazikika. Inu amene munalowetsapo zipangizo zotere m'dziko muno, kodi zimenezi n'zoona, nanga munthu amayambira pati?

Bambo a Tadala, Moatize

Aphunzitsi, alamu anuwo asokoneza zinthu ziwiri. Pangano la malonda la SADC limayang'ana dziko limene katundu anapangidwira, osati sitolo imene mwamugulamo, ndipo kuti msonkho ukhululukidwe pamafunika chikalata chotsimikizira kuti katunduyo ndi wopangidwa m'dziko la m'chigawochi. Laputopu ya HP kapena Lenovo yopangidwa ku China imakhalabe ya ku China ngakhale itagona chaka chathunthu pa shelefu ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, choncho pachipata adzaiwerengera monga katundu wochokera kutali.

Mmene amawerengera ndi umu. A Alfândega (a kasitomu), omwe ali pansi pa bungwe lotolera misonkho la Autoridade Tributária, amayamba ndi mtengo wa katundu kuphatikizapo ndalama zomunyamulira ndi za inshuwalansi. Pamenepo amaikapo msonkho wa pachipata malinga ndi nambala ya katunduyo m'buku lawo la pauta aduaneira, kenako IVA (msonkho wa VAT), amene anatsika kuchoka pa 17% kufika pa 16% mu January 2023. Chimene chimadzidzimutsa anthu ambiri n'chakuti IVA amawerengedwa pa mtengo umene msonkho woyamba uja waphatikizidwamo kale. Tiyerekeze chabe kuti zonse zakwana 100,000 meticais ndipo msonkho wa pachipata ndi 7.5%: pamenepo mwalipira 7,500, ndiye IVA wa pa 107,500 ndi 17,200, kutanthauza kuti 24,700 yatuluka musanamulipire despachante (wokuyendetserani mapepala a katundu pachipata) ngakhale khobidi. Chiwerengero chenicheni cha laputopu, cha printa ndi cha router mukachifunse kwa despachante wovomerezeka musanatumize ndalama ku Lilongwe, chifukwa zinthu zitatuzi zili ndi manambala osiyana m'bukumo.

Laputopu imodzi ya m'chikwama chanu ndi katundu wa munthu wapaulendo, koma 10 ndi malonda, ngakhale cholinga chanu chili chothandiza ana. Mudzafunika NUIT yanu (nambala yanu ya msonkho) ndi fatura (pepala la wogulitsa loonetsa katundu ndi mtengo wake) yolembedwa bwino, ndipo chikalata cholengezera katundu chimalowetsedwa pa intaneti kudzera mu Janela Única Electrónica. Pitaninso ku BAÚ, ofesi ya boma yopereka ziphaso za malonda, mukafunse za kalembera wa anthu oitanitsa katundu kunja.

Mayi wa sitolo ya mafoni, Tete

Zimene anena a bambo a Tadala ndi zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera zimene zinandionekera. Ulendo wanga woyamba wogulitsa wina anandinyengerera kuti alembe fatura ya theka la mtengo kuti ndilipire msonkho wochepa, ndipo ine, poganiza kuti ndachenjera, ndinavomera. Pachipata sanaikhulupirire pepalalo, anauika okha mtengo wa katundu, ndipo ndinagona masiku awiri pamalirepo ndikudikira kuti mchemwali wanga anditumizire ndalama pa M-Pesa. Ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito vutoli limakula, popeza mtengo wake ndi wokambirana, choncho muumirire kuti fatura ionetse mtundu, modelo ndi nambala ya siriyo ya laputopu iliyonse, ndipo musunge umboni wa mmene munalipirira.

Router musaiyese kanthu kakang'ono. Zipangizo zotumiza ndi kulandira mafunde zimayang'aniridwa ndi INCM, bungwe la boma loona za mafoni ndi mawailesi, limene limavomereza mitundu yoyenera kugwira ntchito m'dziko muno. Kuwonjezera apo, router yogulidwa kwa kampani ya mafoni ya ku Malawi ikhoza kukhala yotsekeredwa ku SIM ya kampaniyo, n'kukana ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Ine maganizo anga ndi oti imeneyi mungogula konkuno.

Palinso tinthu tiwiri timene amalonda satchula. Ku Malawi amagwiritsa ntchito pulagi ya mano atatu a ngodya, ngati ya ku Britain, pamene masoketi athu ambiri ndi a mano awiri obulungira, ndiye mudzafunika zingwe 10 zatsopano kapena ma adapta. Chachiwiri ndi kiyibodi. Ana anu amalemba Chipwitikizi, ndipo kiyibodi ya Chingerezi ilibe ç kapena batani la til (~) pamalo pamene anazolowera kuliona. Mukhoza kusintha chinenero m'kati mwa Windows, koma zolembedwa pa mabatani sizisintha, ndipo mwana wongoyamba kumene amalemba zimene maso ake akuona.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi, mwanditsegula maso, makamaka pa nkhani ya kiyibodi imene sindinaiganizireko n'komwe. Ndifunsenso: popeza msonkho sindiuthawa, kodi si kwabwino kungoitanitsa ku China kapena ku Dubai kumene mitengo ndi yotsika?

Bambo a Tadala, Moatize

Pa malaputopu 10 okha ine sindingakulimbikitseni, aphunzitsi. Katundu wa pa sitima amatsikira ku Beira, ndipo kuchoka kumeneko ayenera kukwera galimoto kudutsa ku Chimoio, Catandica ndi Changara, kuwoloka Zambezi, kenako kukhota pa Mussacama kuti afike kwanu. Malipiro a padoko ndi a mayendedwe onsewo amapindulitsa munthu wodzaza kontena. Pa ndege liwiro lilipo, koma mtengo umawerengedwa pa kilogalamu, ndipo mabatire a lithium ali ndi malamulo ake okhwima amene amachititsa onyamula ena kukana. Ku Lilongwe, chosiyana n'chakuti mungathe kupita nokha kudzera pa Dedza, kuyatsa makina alionse, kuona ngati batire likusunga moto, n'kusiya amene akutsimphina. Musanakwere basi, funsaninso mitengo m'masitolo a mu mzinda wa Tete, muiyerekeze ndi ya ku Lilongwe mutaphatikizamo msonkho, despachante, zingwe ndi ulendo wanu wopita ndi wobwerera.