Zinyalala mukusunga bwanji anzanga a palendi?

Make_awiri
Abale ndigaireniko nzeru. Ndili palendi ku Matawale kuno ku Zomba, mumpanda umodzi tilimo mabanja anayi ndipo dzala lathu ladzadza mpaka kusefukira, alandilodi akuti malo okumba lina palibe poti kuseriko anamangako bafa. Ndiye ine ndimangolongedza zinyalala mmajumbo nkuunjika pakona pakhonde, koma usiku agalu akumabwera kudzang'amba, kudzuka mmawa mapampasi a mwana ali mbwee bwalo lonse mpaka pakhomo pa aneba, manyazi ake inu. Mvula yayambanso, fungo ndi ntchentche osanena. Ndigule bini ya chivundikiro ija kapena pali njira ina yosalira ndalama zambiri?

Nangondo wa ku Sadzi
Mami vuto lanu si bini ayi, mukusakaniza zinthu. Chimene chimanunkha nkuitana agalu ndi chonyowa, mkute wa nsima, makoko a nthochi, matumbo a nsomba, msuzi wotsala. Ine zimenezo ndimaponya mundowa yakale yothothoka chogwirira, madzulo ndikaphula ndimawaza phulusa la pambaula pamwamba nkuvundikira, mphutsi sizibwera olo pang'ono. Ikadzadza ndimakakwirira kukadimba kanga, mpiru wake mutauona simungakhulupirire. Zouma monga mapepala ndi timapaketi ta sopo ndimaika mthumba la feteleza la 50kg lija, nkulikoleka pamsomali mmwamba, galu angafikepo bwanji? Mabotolo musataye, amayi a thobwa amawafuna. Mapampasi okha ndiye amangeni mujumbo lawolawo ndipo chonde musaponye mchimbudzi chokumba, saola, chidzadza msanga muyambane ndi alandilodi.

Mkulu wa ku Mulunguzi
Kkkkk inu mukudandaula agalu? Bwerani kuno mmunsi mwa phiri mudzaone anyani. Ndinagula bini yapulasitiki yooneka bwino, tsiku lachiwiri ndikusuzumira pawindo ndikuona chimkulu chawo chatsegula chivundikiro bwinobwino ngati munthu, chakhala pansi chikusankha zoti chidye. Pano ndimamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mukafuna cholimba pezani mgolo wachitsulo, owotcherera akudulireni pakati, galu sangaugwetse. Koma muuboole pansi, apo ayi madzi amvula adikhamo muweta udzudzu.

Chikanda boy
Majumbo opyapyala aja ndiye muwasiye kumene mayi. Boma linawaletsa mu 2015, onse osafika ma micron 60 pa muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki, makampani anakamang'ala kukhoti koma mu 2019 Supreme Court inati chiletsocho chili bwino. Timangowaonabe pamsika koma kunena zoona ntchito yake palibe, ungoikamo chitsononkho chimodzi laboola kale. Ndiye mvula ikagwa onse amathera mngalande, kenako mu Likangala, tapitani pamlatho madzi akaphwa mukaone mmene amalendewera mmabango. Mtsinje womwewo ukathira mu Chilwa komwe kumachokera matemba tikudyawa. Ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 uja sitinaiwale eti, mapampasi pabwalo nyengo ino ana akusewera pompo si zocheza.

Nangondo wa ku Sadzi
Zoona achimwene. Komanso pali ena amati bola kuotcha, mapampasi onyowa sapsa, amangofuka tsiku lonse utsi wake kulowa mzovala zapachingwe.

Make_awiri
Zikomo nonse, a Mulunguzi mwandiseketsa mpaka mwana wadzuka. Dzulo ndapeza thumba la feteleza kwa achemwali anga ndalikoleka kale, ndowa ya phulusa ndayambanso, lero mmawa pabwalo panali poyera koyamba sabata ino. Za mgolo ndauza azimayi anzanga mumpanda muno kuti tisonkherane, awiri avomera, winayo akuti adikire amuna awo abwere ku Blantyre kaye. Koma a Nangondo kadimba ine ndilibe, ndowa ikadzadza ndikutumizireni pakabaza?