Kuchoka ku bwalo la ndege la Heathrow ku London kupita ku la Schiphol ku Amsterdam, n'kutali bwanji?

Make Mwana: Anzanga, Loweruka ndikukaona achemwali ku Amsterdam. Tikiti ikuti tinyamuka 9:00, kukatera 11:20. Maola awiri onsewo? Khanda langali silichedwa kulira.

Wa ku Luton: Ayi mayi, m'pafupi, makilomita pafupifupi 370 basi. Kungoti ku Netherlands nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi. M'mwambamo simutha ndi ola lomwe, tiyi asanazizire mwayamba kale kutsika.

Mlendo: Chotopetsa ndi pansi. Ife tinatera pa Polderbaan, msewu wina woterapo ndege ku Schiphol, ndege n'kumakwawa mphindi zoposa 15 isanafike potsikira, mpaka kuwoloka msewu wa magalimoto pamlatho. Botolo la mkaka likhale pafupi.

Wa ku Luton: Koma ngati pasipoti ndi ya Malawi, viza ya Schengen, yolowera ku Netherlands, muli nayo? Ya UK sigwira kumeneko.

Make Mwana: Ilipo achimwene, ndinatenga mwezi watha.