Thandizeni: "Don't skimp on the cement" ndiye kuti chiyani?

Wawa nonse m'gulu muno. Ndine wa ku Ntcheu, mbali ya ku Tsangano, ndipo ndikuyang'anira nyumba ya achimwene anga amene ali ku Johannesburg. Iwo amatumiza ndalama, ine ndimagula zipangizo n'kumalimbana ndi amisiri. Sabata yatha ndinawauza kuti simenti yakwera, ndipo mmisiri wati tiziika mawilibala asanu a mchenga pa thumba limodzi kuti matumba otsalawo atifikitse pa lintala. Achimwenewo, amene masiku ano nkhani amaiyamba m'Chichewa n'kuimalizira m'Chingerezi, anangoyankha pa WhatsApp kuti "Don't skimp on the cement." Basi, osawonjezerapo kanthu.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Poyamba ndinawerenga ngati skip, kudumpha kuja, ndiye ndinadabwa kuti simenti munthu angaidumphe bwanji. Kuwafunsa ndikuchita manyazi chifukwa tsiku lina anandiseka alamu ali pomwepo. Kodi akuti ndisawononge simenti, kapena ndigule yambiri? Mmisiri akubwera Lolemba.

Mphunzitsi wopuma, Dedza: Mwachita bwino kufunsa, bambo. Skimp on ndi kuika chinthu chochepa kusiyana ndi mmene chimafunikira, chifukwa choumira. Kaya ndi ndalama, nthawi, chakudya kapena zipangizo. Akulu anuwo akuti musaumire simenti, musaimane nyumbayo. Kamawu ka on musakasiye, ndi kamene kamagwira chinthu chomwe mukuumiracho: skimp on cement, skimp on food, skimp on sleep. Komanso musaike chinthucho pakati, skimp cement on kulibe. Zikakhala zakale mumati skimped, monga He skimped on fertiliser. Kawirikawiri mawuwa mudzawamva ali ndi don't kutsogolo, chifukwa ndi odzudzula. Palibe amene amayamikiridwa kuti wachita skimp.

Mnyamata wa kabaza: Kkkk ine ndikanati akuti muchite skip simenti, mumange ndi matope ngati agogo.

Mayi wogulitsa pa Lizulu: Aphunzitsi, nanga kusunga ndalama kwalakwikanso? Zinthu mmene zadulira chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense akuchepetsa. Ine sopo ndimachita kumudula pakati. Ndiye ndikuchita skimp?

Mphunzitsi wopuma, Dedza: Ayi mayi, pamenepo mpamene pali kusiyana. Mukachepetsa chinthu koma ntchito yake n'kugwirikabe, kumeneko ndi cut back on kapena cut down on. Mukamadzimana kuti mwana apite kusukulu, Azungu amati scrimp and save, ndipo mawu amenewo amanenedwa momvera munthu chisoni kapena momulemekeza. Koma skimp on ndi pamene kuchepetsako kwaononga chinthucho. Sopo wanu wodulayo zovala zikuyerabe, palibe mlandu. Koma mukaphika nyemba mphika wonse n'kuponyamo kamchere kotsina ndi zala ziwiri, alendo n'kumayang'anana chifukwa sizinakolere, pamenepo you skimped on the salt. Scrimp ndi skimp amamveka mofanana, ana anga a Fomu 4 ankawasokoneza chaka ndi chaka.

Mmisiri wa pa Ntcheu boma: Chingerezicho ndawasiyira aphunzitsi, ine ndilankhule za matope. Achimwene, mawilibala asanu pa thumba limodzi ayi ndithu. Thumba la makilogalamu 50 pomangira njerwa limayenda ndi mawilibala atatu a mchenga, osadzaza mpaka phiri, ongolingana ndi milomo ya wilibala. Mukaika asanu, khomalo likauma mudzakanda ndi msomali muone mchenga ukuyoyoka ngati ufa. Ndiye kwanuko kumtunda mvula yake imabwera ndi mphepo, imamenya khoma m'mbali. Chaka choyamba simuona kanthu, chachiwiri ming'alu iyamba pa ngodya za mawindo. Pa lintala ndi pa maziko mpamene simuyenera kuyerekeza n'komwe, konkire yake ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Mukathira muziithirira madzi masiku 7, chifukwa simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa monga ambiri amaganizira. Ngati ndalama zachepa, imitsani ntchito pamene yafikapo, mudikire. Khoma lodikira silikalamba. Komanso, ndisaname, amisiri ena akati tichepetse simenti, matumba otsalawo amatuluka madzulo pa njinga. Sindikuti wanuyo ndi wotero, koma muziwerenga mapepala a matumba opanda kanthu tsiku lililonse.

Mlimi wa kachewere, Bembeke: Ndiye kuti ine chaka chatha ndinachita skimp on feteleza. Thumba limodzi ndinalimwaza munda wofuna awiri, mbatata zake zinatuluka ngati mazira a nkhunda, mavenda pa msewu anangoziyang'ana n'kupitirira. Aphunzitsi, ndinganene kuti I skimped the fertiliser?

Mphunzitsi wopuma, Dedza: Anthu akumvani, koma chozolowereka ndi I skimped on the fertiliser. Bwezerani on uja. Ndipo poti mwatchula mbatata zazing'ono, palinso mawu akuti skimpy, onena chinthu choperewera, monga chakudya chochepa m'mbale kapena chovala chachifupi kwambiri. Limenelo samalani nalo pamaso pa apongozi.

Membala wobisa dzina: Ine ndikuona kuti vuto ndi achimwene anuwo. Anthu a ku Joni amakonda kulamula pa foni, ndalama yake osakwana. Kulemba don't skimp n'kosavuta, nanga simentiyo igulidwa ndi Chingerezi? Mtengo wa thumba akuudziwa? Muwatumizire malisiti, awone okha.

Mayi wogulitsa pa Lizulu: Apo mwanena zoona. Koma musawayankhe mokalipa, ndi akulu anu, ndiponso nyumba ikadzagwa dzina loipa lidzakhala lanu, osati la mmisiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, makamaka aphunzitsi ndi amisiri. Ndinapita kukakanda khoma la kuseri lomwe anamanga Lachinayi, mizere itatu yapamwamba ikuyoyoka ndithu. Imeneyo tigumula, njerwa zake tizipala tigwiritsenso ntchito. Mapepala a matumba ndawerenga, akusowa awiri, koma nkhani imeneyo ndikambirana ndi mmisiriyo patokha. Achimwene ndawatumizira malisiti onse, ndipo pansi pake ndalemba kuti "I will not skimp on the cement if you do not skimp on the money." Aphunzitsi, ndakhoza?

Mphunzitsi wopuma, Dedza: Mwakhoza zonse, mpaka on ali pamalo pake kawiri konse. Ayankha chiyani?

Wofunsa: Timizere tiwiri tasanduka tabuluu kuyambira 4 koloko, koma ali chete. Alamu ndi amene aimba, akuti achimwene afunsa kuti ndani akundilembera mauthenga.